Kuchokera ku Zomba mpaka kwa Chembe ndi kamera yoyamba

Akonzi, ndipatseniko danga ndicheze ndi achinyamata amene angogula kumene kamera yawo yoyamba, ngakhalenso amene akusunga kandalama kuti adzagule. Masiku ano achuluka ndithu. Ena akufuna kumajambula maukwati ndi zinkhoswe kuti azipeza ya sopo, ena awasankha kumpingo kuti azijambula zochitika, pamene ena angotopa ndi zithunzi za pafoni. Poti ine ndakhala ndikugwira kamera kwa zaka zambiri, angapo amandipeza, ndipo funso lawo limakhala limodzi: ndigule lenzi iti? Amafunsa chonchi kamerayo isanathe ndi mwezi womwe m'manja mwawo.

Yankho langa ndi lakuti lenzi saisankhira m'sitolo kapena pa Facebook. Chimene chimakuuza lenzi yoti ugule ndi malo amene ukujambulako, komanso zinthu zimene mtima wako umakonda kujambula. Malenzi ndi odula, ndipo amene wathamangira kugula amatha kukhala ndi chida chongokometsera chikwama.

Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa ku Ndirande, adagula Canon ya kaunjika kwa munthu wina wochokera ku Johannesburg. Idabwera ndi lenzi imodzi yolembedwa 18-55mm, ija imabwera ndi makamera ambiri oyambira. Ndalama zimene zidatsala ankafuna kugulira lenzi yaitali ngati imene amaiona kwa atolankhani pa Kamuzu Stadium. Ndidamuuza kuti azisunge kaye, tiyende masiku anayi kuchokera ku Zomba kudzera ku Liwonde mpaka kunyanja, ndipo akabwerako asankhe yekha.

Tisananyamuke ndidangomulola kugula tinthu tinayi: batire lachiwiri, makhadi awiri osungira zithunzi, kansalu kofewa kopukutira galasi ndi kampira kopopera fumbi. Chikwama chokhala ndi siponji m'kati ndidamubwereka. Ine ndidanyamula malenzi anga awiri, ya 55-250mm ndi ya 50mm, kuti akawayese nthawi yake ikakwana. Tidakwera kagalimoto kanga kokalamba kumayambiriro kwa Ogasiti n'kulowa mumsewu wa M3.

Zomba ndi mzinda wosafulumira. Udali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zikadalipo m'tsinde mwa phiri, pakati pa mitengo ikuluikulu. Msewu wokwera kuphiri ndi wokhotakhota, ndipo m'mbali mwake mumakumana ndi amayi atasenza nkhuni, anyamata akutsika ndi njinga zodzaza mitolo, ena akugulitsa masitiroberi m'timbale. Ukamakwera kazizidwe kamasintha, mpweya umayamba kununkhira paini. Nsonga ya phirili ndi yopitirira mamita 2,000 kutalika.

M'mawa mwake tidalawirira kupita ku Emperor's View, malo amene adatchedwa dzinali pokumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idafikapo. Pamenepo dziko lonse limakhala pansi pa mapazi ako: mzinda wa Zomba, chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndipo kutali uko phiri la Mulanje litangoti njo ngati khoma. Mnyamata uja adajambula kangapo, n'kuyang'ana kuseri kwa kamera, nkhope n'kugwa.

"Malume, Mulanje uja akuoneka ngati kachulu. Mwaonatu, lenzi iyi ndi yachibwana."

Ndidamuuza kuti ayang'ane manambala a palenzi. Manambala 18 ndi 55 amanena kukula kwa dera limene lenzi ikuona. Nambala ikakhala yaing'ono, monga 18, lenzi imatenga dera lalikulu koma zinthu zakutali zimachepa. Ikamakula, dera limapanikizika ndipo zakutali zimabwera pafupi. Choncho pa 18mm suyenera kudalira phiri lakutali lokha. Umafuna chinthu chapafupi choti diso liyambirepo, kaya ndi mwala, kaya mtengo wopindika, kaya munthu ataima chakumbali, ndiye phirilo likhale kumbuyo. Ndidakaima m'mbali mwa mwala, iye n'kugwada pansi, n'kujambulanso. Chithunzi chidasinthiratu, lenzi ili yomweyo.

Pali nambala inanso yoyamba ndi chilembo f, imene imanena kukula kwa chibowo cholowera kuwala m'lenzi. Iyi imasokoneza ambiri chifukwa imayenda chobwerera: f/3.5 ndi chibowo chachikulu, f/11 ndi chaching'ono. Pojambula malo otambalala ngati amenewa, f/8 kapena f/11 imathandiza kuti mwala wapafupi ndi phiri lakutali zonse zioneke bwino. Pamanambala amenewo lenzi yotsika mtengoyi imatulutsa zithunzi zakuthwa moti ambiri sangazisiyanitse ndi za lenzi yodula. Chimene chimaphimba Mulanje m'miyezi imeneyi ndi utsi wa moto wolusa ndi fumbi, ndipo zimenezo palibe lenzi ingazichotse. Mankhwala ake ndi kulawirira, dzuwa lisanakwere.

Titachoka pamenepo tidatsikira ku mathithi a Williams, pamtsinje wa Mulunguzi. Mnyamatayo ankafuna chithunzi chija madzi amaoneka ngati mkaka ukutsika. Kuti zitero, chitseko cha kamera, chimene ojambula amati shutter, chimayenera kukhala chotsegula nthawi yotalikirapo, monga theka la sekondi, ndipo kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono. Apa ndi pamene anthu amagulira tripod, choikapo kamera cha miyendo itatu chija. Ife tidalibe. Tidaika chikwama pamwala, kamera pamwamba pake, n'kuchepetsa chibowo mpaka f/16 ndi ISO 100, kenako n'kutchera kuti kamera ijambule yokha pakatha masekondi awiri kuti chala chisaigwedeze. Zidatheka bwinobwino. Tripod ndi yothandiza, koma yopepuka ya mtengo wozizira imagwedezeka ndi kamphepo kalikonse, nthawi zina n'kugwa ndi kamera yomwe. Ndi bwino kudikira mpaka mutapeza ndalama ya yolimba.

Chakumasana nkhungu idatsika mwadzidzidzi monga imachitira kuphiriko, timadontho n'kuyamba kumata pagalasi. Apa kansalu kaja kadagwira ntchito yake, kamera n'kubwerera m'chikwama. Malaya kapena mpango wa m'thumba sapukutira lenzi, chifukwa tifumbi tobisala m'nsalu zotere timakanda galasi.

Ndionjezepo kuti ku Zomba kuli malo a asilikali, ndende ndi nyumba ya boma. Malo otere, pamodzi ndi zipata za apolisi zapamsewu, osalozako kamera popanda chilolezo.

Kuchoka ku Zomba, msewu umadutsa pa Domasi, Malosa ndi Machinga, n'kutsikira kuchigwa cha Shire. Juzi imene udavala kuphiri umaivula usanafike pa Liwonde. Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 bungwe la African Parks likuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Mikango ndi akakwiyo, zimene zidatha m'menemo, adazibwezeretsamo, ndipo njovu zidachuluka mpaka zina 263 adazisamutsira ku Kasungu mu 2022. Munthu wa ku Blantyre kapena ku Zomba akhoza kudzuka m'mawa, kukaona zonsezi, n'kubwerera tsiku lomwelo, koma ambiri aife sitidapondemo.

Madzulo tidakwera boti loyendera mtsinje. Shire pamenepa ndi wotambalala ndi wodekha, m'mbali mwake muli bango ndi migwalangwa, ndipo mvuu zimangoti mitu tumphu tumphu paliponse. Ng'ona zidali gone pamchenga kukamwa kuli yasa. Patsidya, njovu zisanu zinkamwa madzi. Mnyamata uja adapotokola lenzi yake mpaka pa 55mm pamene imathera, koma njovu zinkaoneka ngati mbuzi. Apa ndiye dandaulo lake lidali loona, ndipo ndidamupatsa ya 55-250mm.

Kamera zambiri zoyambira zili ndi sensa yocheperapo poyerekeza ndi filimu ya makamera akale, choncho zimaonjezera mphamvu ya lenzi yokokera pafupi. Pa Canon umachulukitsa ndi 1.6, pa Nikon ndi Sony ndi 1.5. Ndiye kuti 250mm pakamera ya mnyamatayu imaona ngati 400mm ya kale ija. Kwa woyamba kumene, imeneyi ndi yokwanira kujambulira njovu, mvuu ngakhalenso mpira wa masana. A Nikon ali ndi zofanana nazo monga 55-200mm ndi 70-300mm.

Koma lenzi yaitali ili ndi malamulo ake. Ikamakulitsa njovu imakulitsanso kunjenjemera kwa manja ako. Zithunzi zake zoyamba zidatuluka zachimbuuzi, ndipo ndidamuonetsa chifukwa chake: shutter inkatseka mochedwa. Lamulo lakale limati liwiro la shutter lisachepere nambala ya lenzi, ndiye pa 400 uja pamafunika 1/400 kapena kuposa. M'boti loyenda ndi bwino kuyambira pa 1/500 kapena 1/1000. Poti malenzi otsika mtengowa amathera pa f/5.6 ukawakoka mpaka kumapeto, kuwala kukamachepa umakweza ISO kufika pa 800 ngakhale 1600. Chithunzi chokhala ndi timadontho ta ISO chimaposa chithunzi chogwedezeka. Malenzi ena ali ndi chothandiza kuchepetsa kugwedezeka, chimene a Canon amalemba IS ndipo a Nikon amalemba VR. Chimathandiza manja ako, koma sichiimitsa mbalame imene ikuuluka. M'boti tripod ilibe ntchito chifukwa imangotenga kunjenjemera kwa injini. Umagunditsa zigongono m'nthiti, n'kugwira mpweya pang'ono, n'kudina.

Woyendetsa boti adazimitsa injini pafupi ndi mtengo wouma pamene padatera nkhwazi, mbalame ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Tidakhala chete kwa kanthawi ndithu mpaka idatukula mutu n'kulira. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako sagulitsa m'sitolo.

"Achimwene, tasunthirani pafupi pang'ono ndi mvuuzo," mnyamata uja adapempha pambuyo pake.

"Ayi bwana, ili ndi mwana imeneyo. Tiimire pompano," adayankha woyendetsayo, ndipo adalondola. Lenzi yaitali adaipangira kuti iwe ukhale patali. Amene ali ndi yaifupi asayese kukwaniritsa ndi miyendo, kaya kutsika m'galimoto m'nkhalango. Fulashi nayo izikhala yozimitsa pamaso pa nyama.

M'mawa mwake tidazungulira m'nkhalangomo pagalimoto. Tidali titagula nyemba pamsika wa Liwonde n'kuzithira m'kathumba kansalu. Kathumba kameneka ukakaika pawindo la galimoto n'kugonekapo lenzi, injini itazimitsidwa, kamagwira kamera kuposa tripod. Nyembazo tidakasiya kumudzi n'kukhala ndiwo.

Misewu ya m'menemo ndi yafumbi, ndipo fumbi ndi mdani wa kamera yosintha malenzi. Ukachotsa lenzi, m'kati mwa kamera mumakhala poyera. Choncho umasintha mawindo atatsekedwa, kamera itazimitsidwa ndiponso itayang'ana pansi, ndipo lenzi inayo ikhale yokonzeka kale. Ukayamba kuona timadontho takuda pamalo amodzimodzi m'zithunzi zonse, makamaka pamtambo, dziwa kuti fumbi lafika pasensa. Popera ndi kampira kaja, osapemerera ndi pakamwa, osalowetsamo chala.

Poti ambiri tidzagula malenzi a kaunjika, ndinenepo mawu awiri. Choyamba, lenzi iliyonse ili ndi pakamwa pake pomangira kukamera, ndipo ya Nikon silowa pa Canon. Ngakhale m'banja limodzi muli kusiyana: Canon ili ndi EF, EF-S ndi RF, Nikon ili ndi F ndi Z. Lenzi yakale imatha kulowa pakamera zatsopano zopanda kalilole m'kati pokhapokha mutagula cholumikizira. Makampani a Sigma ndi Tamron amapanga lenzi imodzimodzi ya makamera osiyanasiyana, ndiye funsani kuti imene mukugulayo ndi ya kamera iti. Amene muli ndi Nikon za m'gulu la D3000 ndi D5000, dziwani kuti malenzi akale olembedwa AF kapena AF-D sadzilunjika okha pamakamera amenewa, muzifuna olembedwa AF-S. Chachiwiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tengani kamera yanu pokagula, mangani lenziyo, jambulani chapafupi ndi chakutali. Kenako ichotseni, muunike m'kati ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku chomera m'galasi chifukwa cha chinyontho. Isiyeni ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Titawoloka Shire pa Kamuzu Barrage tidalunjika kumpoto, n'kupatukira kumudzi kwathu chakufupi ndi Ulongwe kumene kuli mayi anga, agogo ake a mnyamatayu. Tidawapeza pakhonde akusankha nandolo. Atamva kuti mdzukulu wawo akufuna kuwajambula, adakana kaye.

"Iwe, undijambule ndili chonchi? Dikira ndivale chitenje cha kutchalitchi."

Adalowa m'nyumba n'kutuluka atamanga duku latsopano. Apa ndidatulutsa lenzi ya 50mm f/1.8, kakang'ono kopepuka kamene kali m'gulu la malenzi otsika mtengo kwambiri pafupifupi kukampani iliyonse. Siikoka, ndiye ukafuna kuyandikira umayenda wekha. Ubwino wake uli pachibowo. Pa f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa lenzi ya 18-55mm ikakhala pa 55mm, choncho imajambula pamthunzi, m'tchalitchi kapena madzulo popanda fulashi. Komanso imafewetsa zakumbuyo, munthu n'kuoneka yekha bwinobwino ngakhale kumbuyo kwake kuli thandala la mbale.

Sitidawaike padzuwa. Dzuwa la masana limapangitsa maso kulowa mumdima, chipumi n'kumanyezimira. Tidawakhazika pampando m'mphepete mwa khonde pamene kuwala kumalowa chammbali, ndipo mwana wina adagwira nsalu yoyera ya pabedi mbali inayo kuti ibwezere kuwala kunkhope. Ojambula amagula chida chochitira zimenezi, koma nsalu yoyera imakwanira. Ndidamuuza mnyamatayo kuti alunjike padiso limene lili pafupi ndi kamera, chifukwa pa f/1.8 malo ooneka bwino ndi ochepa zedi: ukalunjika pamphuno, maso amatuluka achimbuuzi.

"Agogo, tayang'anani kuno. Paja mudati agogo aamuna adakufunsirani kuti?"

Mayi adaseka mpaka kugwira pakamwa, iye n'kudina. Ataona chithunzicho kuseri kwa kamera adakhala chete kanthawi, kenako adati akufanana ndi malemu amayi awo. Bambo anga adamwalira atangosiya chithunzi chimodzi, cha pachiphaso chimene adapita nacho kumigodi ku Joni, ndipo pano chidafufuma moti adzukulu sangazindikire nkhope. Mabanja ambiri m'midzi mwathu ali chimodzimodzi. Njovu za ku Liwonde zidzakhalapo chaka chamawa, koma sindinganene choncho za nkhalamba zathu.

Pamene abale onse adasonkhana kuti ajambulitse pamodzi, lenzi ya 50mm idaonetsa malire ake. Pakamera ya mnyamatayu imaona ngati 80mm, ndiye kuti anthu khumi ndi awiri akwanemo adayenera kubwerera m'mbuyo mpaka kukhola la mbuzi. M'chipinda chopanikizika sizikadatheka n'komwe. Adabwezera ya 18-55mm, n'kuika pa f/8 kuti a mzere wakutsogolo ndi wakumbuyo onse aoneke. Amene mukuganiza zogula 50mm, yesani kaye izi: ikani lenzi yanu pa 50 tsiku lonse osaisuntha. Mukaona kuti mukupanikizika, mwina yokuyenerani ndi 35mm kapena 24mm.

Usiku umenewo kumudzi kudalibe pochajira, ndipo batire loyamba lidali litatha. Lachiwiri lija ndi limene lidatifikitsa kunyanja. Kuyang'anayang'ana zithunzi kuseri kwa kamera kumadya batire kwambiri, ndipo makamera opanda kalilole amadya msanga kuposa anzawo.

Pa Mangochi tidangoima pang'ono pansanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kenako tidalowa mumsewu wa M10 wodutsa pakati pa milambe. Usanafike ku Monkey Bay umakhotera kumanzere, msewu n'kumakwera ndi kutsika m'mapiri a miyala momwe anyani amakhala m'mbali ngati akudikira basi. Mwadzidzidzi nyanja imangoti mbee kutsogolo, ndipo wafika kwa Chembe, ku Cape Maclear. Dzina lachizunguli adapereka ndi David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear. Pano ndi pamene amishoni a Livingstonia adayambira mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, ndipo manda a ena mwa iwo akadalipo. Derali lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna.

Kwa Chembe moyo wonse uli pagombe. Asodzi amasoka maukonde pamthunzi, usipa uli mbuu pamathandala, amayi akutsuka mapoto, ana akudumphira m'madzi. Kwa wojambula, malowa ndi okoma komanso oopsa. Mchenga ukalowa m'lenzi umamva kukukuta ukamaipotokola. Choncho chikwama sachiika pansi chotsegula, ndipo mchenga ukagwera pagalasi umayamba wapopera usanapukute. M'boti lopita kuchilumba cha Thumbi mphepo ya mwera inkatiwaza madzi, ndiye kamera idakhala m'chikwama, chikwamacho m'pulasitiki yolimba, mpaka titafika pabata. Lamba wa kamera azikhala m'khosi nthawi zonse, poti nyanja sibweza.

Pa Thumbi ndidamuonetsa kagalasi kamodzi komangira kutsogolo kwa lenzi kamene ndimati ndi koyenera ndalama yake, kotchedwa polariser. Madzi a pamenepo ndi oyera, koma kunyezimira kwa dzuwa kumabisa za pansi. Ukamazunguliza kagalasika pang'onopang'ono, kunyezimirako kumachoka, miyala ya pansi n'kuonekera, mbuna zabuluu ndi zachikasu zili piringupiringu. Kamagwira bwino dzuwa likakhala chammbali mwako, ndipo poti kamadya kuwala, madzulo umakachotsa. Pogula onani kukula kwa kutsogolo kwa lenzi yanu, kumene kumalembedwa pafupi ndi kachizindikiro ka ø kapena kuseri kwa chivindikiro. Ya mnyamatayu idali 58mm. China chotsika mtengo ndi kachipewa ka lenzi kamene amati hood. Kamatchinga dzuwa lolowera chammbali, komanso lenzi ikagunda m'mbali mwa boti kamayamba kulandira ndi iko.

Dzuwa la kwa Chembe limalowa cha kunyanja, mabwato a asodzi akutuluka ndi nyali zawo. Chithunzi cha madzulo amenewo mnyamatayo adachijambula ndi lenzi yake yomwe ija ankaiti yachibwana. Kumbuyo kukawala chonchi nkhope za anthu zimada, ndiye umasankha: kuwasiya akhale zithunzithunzi zakuda, kapena kuyatsa kafulashi ka pakamera kuti kawaunikire ngati ali pafupi.

Lenzi yaitali imabweretsanso yesero lina, loba zithunzi za anthu iwo asakudziwa. Gombe lija ndi bafa komanso khitchini ya eni mudzi. Amene akusamba sajambulidwa, ndipo ana a eni sawaika pa intaneti makolo asakudziwa. Tidapita kwa bambo wina amene ankasoka ukonde, tidapereka moni, n'kufunsa za usodzi wa chaka chino, kenako mnyamatayo adati, "Bambo, mungatilole tikujambuleni muli pantchito yanuyi?" Adavomera, ndipo chithunzicho chidakoma chifukwa adali kutiyang'ana mwaufulu.

Usiku tidakopera zithunzi zonse mufoni ndi mukompyuta tisanafufute kalikonse. Makhadi awiri a 32GB kapena 64GB amaposa limodzi lalikulu, chifukwa limodzi likafa sutaya zonse. Makhadi achinyengo alipo ambiri, olembedwa kukula kumene alibe, ndipo amakuonetsa khalidwe lawo tsiku la ukwati wa eni. Gulani m'sitolo yodalirika, ndipo khadi latsopano muzilikonzera m'kamera momwemo podina format musanayambe kuligwiritsa ntchito.

Pobwerera, mnyamata uja adawerenga zithunzi zimene adazikonda kwambiri. Zambiri zidali za anthu: agogo ake, msodzi uja, amayi a nkhuni a ku Zomba. Adaganiza zogula 50mm, ndipo yaitali azidzabwereka tsiku limene akupita ku Liwonde kapena kumpira. Wina akadayenda ulendo womwewu akadasankha yaitali chifukwa mtima wake uli pambalame, ndipo naye akadalondola.

Kwa inu amene mwangogula kamera, ndondomeko yanga ndi iyi. Yambani ndi batire lachiwiri, makhadi awiri, chikwama, kansalu ndi kampira. Nyengo ya mvula sungani kamera m'chigoba chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, ndipo musaisiye m'galimoto yotentha. Yendani ndi lenzi imene muli nayo kwa miyezi ingapo, muone pamene ikukukanikani kawirikawiri, kaya ndi kutalika, kaya mdima, kaya kupanikizika kwa malo. Pamenepo ndiye mugule lenzi imodzi yothetsa vuto limenelo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Pomaliza, patulani kandalama kotsukitsira zithunzi. Foni imabedwa, kompyuta imafa, koma chithunzi cha papepala chimakhala pakhoma zaka ndi zaka. Ndipo amene mudawajambula kumudzi kapena kugombe, mukadzapitanso muwatengere chawo.